Mpunga wa Kuseri kwa Bafa

Ndikukumbukira mpopi wa m'bafa lathu ku Uliwa kuposa nkhope za anthu ambiri amene ndinakhala nawo kumeneko. Unali mpopi wamkuwa, wa chogwirira chonga mtanda, ndipo unkadontha tsiku lonse ngati unachita kulembedwa ntchito. Pamene madontho ankagwera panali mzere wachikasu umene Amayi anaukwecha ndi phulusa, ndi mchenga, ndi mandimu omwe, mpaka anangoutaya.

Tinafika kumeneko ndili Sitandade 4, kuchokera kwathu kozizira ku Ntcheu. Amayi anali namwino ndipo ndiwo anasamutsidwa. Ababa, amene anali mphunzitsi, anangotsatira n'kupeza malo pasukulu ina yapafupi. Anatipatsa nyumba yakale ya ogwira ntchito pachipatala, ya malata otentha ngati chiwaya, koma inali ndi chinthu chimene sitinachionepo kwathu: bafa loyera lalitali, lija munthu amagonamo, ndi sinki yosambira kumaso pambali pake. Palibe anagonamo ngakhale tsiku limodzi. Tinkaika ndowa m'katimo n'kumasamba ndi kapu monga mwa nthawi zonse, uku mipopi yonse iwiri, wa bafa ndi wa sinki, ikudontha mopikisana.

Miyezi yoyambirira ndinasungulumwa koopsa, ndinene zoona. M'kalasi zinkayenda, poti aphunzitsi ankayankhula Chichewa ndi Chizungu, koma belu likangolira anzanga onse ankatembenukira ku Chitumbuka, ine n'kutsala pansi pa mtengo wa mango ndi mbatata yanga. Sikuti ankandida. Kungoti masewera amathamanga, ndipo palibe mwana amene angaime pakati pa fulaye kuti amasulire mlendo. Ndinkabwerera kunyumba thukuta lili kamukamu, n'kukhala pakhonde kumawerenga magalimoto a pamsewu waukulu.

Ababa okha ndi amene ankaona ngati chilankhulocho achigwira kale pakhosi. Anali munthu wokonda anthu, wosadziwa manyazi pa nkhani ya mawu. Akatola liwu limodzi pamsika, tsiku limenelo tonse tinkagona titalimva. Ankapereka moni wa "Monire mose", moni nonse, ngakhale kwa munthu mmodzi, ndipo anthu ankaseka n'kuwayankha bwinobwino, iwo n'kumayesa kuti akhoza. Anadziwa kuti maji ndi madzi, kujula ndi kutsegula, kujala ndi kutseka, ndipo ankatiuza monyada kuti Chitumbuka ndi Chichewa chomwechi, kungoti chinakulira kutali. Amayi ankangoti, "Inu bambo a Madalo, tsiku lina mudzatukwana amfumu mukuyesa mukuwathokoza."

Ntchito ina imene ankadzitama nayo inali ya mipopi ija. Loweruka lililonse limene kudontha kwawafika pamtima ankatulutsa sipanala ndi pulayazi, n'kunditumiza kukatseka chotsekera chachikulu cha panja. Ankamasula kanati ka pamwamba, n'kuchotsa chogwirira, n'kupotokola mpaka atazula chitsulo cha m'kati, chija chimatsika ndi kukwera munthu akamatsegula madzi. Iwo ankachitcha mtima wa mpopi. Kunsi kwake kumakhala kamphira kozungulira, washa, ndipo poti washa weniweni kunalibe pafupi, Ababa ankadula wawo kuchokera ku patapata wakutha. Patapata wakutha atatha, anayamba kuyang'ana wanga ndi diso loipa. Mpopi unkakhala chete mpaka Lachiwiri, Lachitatu n'kuyambiranso. Kenaka anavomereza okha kuti vuto silinali washa: mazinga a mtimawo anali atadyeka, moti ukamanga unkangozungulira osaluma. Pankafunika mtima watsopano, ndipo umenewo unkapezeka ku Karonga Boma basi.

Madzi odonthawo ankatuluka ndi paipi yoboola khoma n'kukagwera kuseri kwa nyumba, pamene kangalande ka simenti kanasweka kalekale. Dziko lonse litauma gwa, pamalo pamenepo pokha panali matope akuda onunkhira sopo, achule akuswana. Amene anaona kuti matopewo ndi chuma anali Towera.

Towera anali mtsikana wa msinkhu wanga wochokera cha ku Hara, kumene anthu amalima mpunga wothirira. Ankabwera m'mawa ndi mabotolo a mkaka wa ng'ombe za bambo ake kudzagulitsa m'nyumba za pachipatala. Anali wamfupi, wa miyendo yotuwa ndi fumbi, wosayankhulayankhula, ndipo akafika pamaso pa munthu wamkulu ankagwada n'kuyang'ana pansi mpaka atauzidwa kuti adzuke. Tsiku lina akudikira kuti Amayi akhuthule mkaka, anazungulira kuseri, ndipo ndinamupeza atalowetsa phazi m'matope muja mpaka m'kakolo, akumwetulira yekha. M'mawa mwake anabwera ndi kamtolo ka mbande za mpunga zokutidwa m'tsamba la nthochi, zotsala pamene kwawo ankaokera. Anandipatsa theka, n'kuloza matope, n'kuloza ine, n'kudziloza yekha.

Umu ndi mmene ndinapezera mnzanga. Tinaumba timizere ta dothi kuzungulira malowo kuti madzi asathawe, munda wonse kukula kwake ngati mphasa ziwiri. Anandiphunzitsa kugwira mbande ndi zala zitatu n'kuibaya m'matope osaithyola khosi, ndipo ndikaokera mokhota ankandimenya padzanja n'kuzula. Pa mpunga Towera sankachita manyazi ndi munthu. Chichewa chake chinali cha kusukulu, chodukaduka, Chitumbuka changa chinali cha kwa Ababa, ndiye mungaganize nokha, koma tinkamvana ndi manja ndi kuseka. Akamaliza kugulitsa mkaka ankabwerera kwathu, tonse n'kukhala pamwala miyendo ili m'madzi, tikudya mango osapsa ndi mchere. Ankautcha munda withu, munda wathu. Tinapangana kuti tikakolola tidzapuntha tokha, tidzaphika tokha m'kachitini, ndipo wamkulu aliyense sadzalawako. Kusukulu ndinali ndidakali wa pansi pa mtengo wa mango, koma sizinkandipwetekanso.

Mpunga unakula mochititsa kaso, wobiriwira mpaka anthu odutsa ankaima. Tsinde lililonse linatupa chakumtunda, ndipo Towera analisisita n'kundiuza kuti uli na nthumbo, uli ndi pakati, akudzigwira pamimba kuti ndimve. Patangopita masiku ochepa ngala zinayamba kusuzumira, zanthete, zotuwira ndi timaluwa tating'onoting'ono, ndipo m'mawa kuseri konse kunkamveka fungo ngati wina wavundukula poto.

Koma Amayi anali atatopa. Akachoka ku ntchito ya usiku ankafuna kugona masana, ndipo mipopi ija siinkawalola. Chachikulu chinali udzudzu. Tsiku lonse ankalangiza amayi a kusikelo kuti azikwirira zithaphwi, pamene iwo eni anali ndi dambo pansi pa windo. Mchimwene wanga wamng'ono atadwala malungo, nkhani inatha. Ababa anakwera minibasi kupita ku Boma n'kubwerako ndi mitima iwiri yatsopano yokutidwa m'nyuzipepala, yonyezimira ngati ndolo, uliwonse ndi washa wake wakuda weniweni. Mtima wakale wa pa sinki anali atautenga m'thumba kuti akayerekeze, kuopa kugula wa mazinga osiyana, ndipo atabwera anaubwezera.

Apa ndipofunika ndiwanenere Ababa. Sanali munthu wopondereza mwana. Madzulo amenewo anauza Amayi kuti mpunga uli ndi mwini wake, ndipo sangaudule madzi osamufunsa. Anali atamva kwa anzawo kuti ku Hara mpunga ukayandikira kucha alimi amatseka madzi kuti munda uume, ndipo poona ngala zatuluka ankaganiza kuti nthawi yake ndi yomweyo. "Koma katswiri ndi Towera," anatero. "Akati tidikire, tidikira. Make Madalo, sabata ziwiri zokha simungafe nazo." Amayi anang'ung'udza koma anavomera.

Loweruka m'mawa Towera atafika ndi mkaka, Ababa anamuitanira pakhonde, sipanala ili m'manja, mitima yatsopano ili pampando. Iye anagwada patali n'kuzolika. Akanamufunsa m'Chichewa mwina akanayesa kuyankha m'Chichewa, koma Ababa mwayi woonetsa luso sankauphonya. Analoza kubafa, n'kuloza kuseri, n'kupotokola dzanja m'mwamba.

"Towera, mwana wane. Nijale maji?" Ndiye kuti, nditseke madzi?

Towera anayang'ana sipanala ija, n'kuyang'ana ine, n'kubwezanso maso pansi. Anayankha motsitsa kwambiri.

"Mungajalanga, adada."

"Eti? Ningajala?"

"Mungajalanga, adada," anabwereza, mawu akunjenjemera.

Ababa anaseka mokondwa, kuseka kwawo kuja kogwedeza mapewa. "Wamva, Madalo? Akuti mungatseke. Ndinanena ine kuti wacha." Anatembenukira kwa iye n'kuti, "Yewo chomene, mwana wane," ndipo analowa m'nyumba akuimba kamluzu. Inenso ndinamva chimodzimodzi. Kwathu munthu akati mungapite, mungadye, mungatseke, ndiye kuti wakulola. Kunjenjemera kwa mawu ndinakuyesa manyazi ake a masiku onse. Nditabwera kokatseka chotsekera cha panja ndinapeza Towera kulibe, botolo lake limodzi ataliiwala pakhonde.

Ntchito ya tsiku limenelo ndimaikumbukira bwino, chifukwa inali yokoma. Ababa anayala chiguduli m'bafa kuti sipanala ikagwa isaswe, ndipo anatseka kabowo kotulukira madzi kuti kanati kasagweremo. Mtima wakale wa pa bafa unakanirira. Anaudontheza mafuta a makina osokera, n'kudikira, n'kukulunga nsalu kuti mano a sipanala asakande mkuwa, kenaka anakoka ndi mphamvu mpaka unalira n'kugonja. Unatuluka wobiriwira, wonunkha chitsulo chonyowa, kunsi kwake kutamatirira chidutswa cha patapata wanga wabuluu. Anandipatsa tochi kuti ndiunike m'kati mwa mpopi, iwo n'kupukuta pamene washa amakhala, akupisa chala kuti amve ngati pali pokumbika. Mtima watsopano anaulowetsa ndi zala zokha poyamba. Anandiuza kuti chitsulo chikamakana usachikakamize, bwerera m'mbuyo mpaka mazinga apezane okha. Atamanga ndi sipanala n'kubwezera chogwirira, anachita chimodzimodzi pa sinki, ndipo ananditumanso panja kukatsegula. Mipopi inatsokomola, inalavula madzi ofiira, kenaka oyera. Ababa anatseka ndi zala ziwiri zokha, tonse n'kuima kumvetsera. Munali zii. Amayi anawaphikira tiyi wa mkaka wa Towera, ndipo masana amenewo anagona mpaka dzuwa kupendeka.

Madzi osamba okha sakanakwanira munda m'dzuwa la ku Karonga, ndipo Ababa anakonzanso kangalande kaja kuti azipita kudzenje. Lolemba matope anali atachita khungu. Lachinayi anang'ambika. Masamba anayamba kupinda m'mbali ngati akumva kuzizira, ngala zija n'kuyera. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti madzi anali pompo, mpopi wabwinobwino, ndowa ili m'bafa. Ndikanatha kuthirira m'mawa ndi madzulo popanda wondiletsa. Koma katswiri anali atanena kuti madzi atsekedwe, ndipo ine ndinkafuna akabwera adzapeze kuti ndamvera. Mchimwene wanga atafuna kuthirako ndi kapu ndinamuthamangitsa ndi tsache.

Towera sanabwere. Mkaka unayamba kubwera ndi mchimwene wake wamkulu, amene ndikamufunsa ankangoti ali kumunda. Ndinadziuza kuti ndi nyengo yoingitsa mbalame, abwera. Ndinatsuka botolo lake n'kuliika pawindo.

Ndinakumana naye kamodzi kokha, pamsika wa Uliwa, atakhala pambali pa mayi ake amene ankagulitsa mpunga wa m'mbale. Ndinathamanga n'kumugwira dzanja, ndikumuuza mosangalala kuti munda wauma bwinobwino, sindinathire ngakhale dontho. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Sanali wokwiya, ndipo bwenzi zili bwino akanakwiya. Anachotsa dzanja lake pang'onopang'ono n'kunena kuti, "Adada ŵako ŵakaseka." Mawu amenewo ndinawamva onse: bambo ako anaseka. Koma sindinaone cholakwika, poti Ababa ankaseka ndi aliyense. Ndinaima pamenepo ngati chitsiru mpaka Amayi anandiitana, ndipo ndinapita kunyumba nditakwiya ine, ndikuti mtsikana ameneyu ndi wonyada.

Mpunga ndinakolola ndekha ndi mpeni wa kukhitchini. Ndikafinya njere inkangophwanyika, mankhusu okhaokha opanda kanthu m'kati. Ababa anaufikisa m'manja, n'kuuzira, wonse n'kuuluka. Anati mwina ndi sopo, mwina mbewu yake siinali yabwino. Sanagone nazo bwino, koma anaiwala, ndipo ine ndinabwerera pansi pa mtengo wa mango.

Chaka chisanathe Amayi anasamutsidwanso, ulendo uno ku Mchinji. Tsiku lonyamuka kunabwera lole, ndipo anyamata a pamalopo anatithandiza kukweza katundu. Ababa, posafuna kungoonerera, anagwira chingwe kuti akwere pamwamba akakonze matiresi. Mnyamata wina amene anali kumanga kabati anakuwa kuti, "Mungakweranga uko, adada!" Ababa anati yewo, n'kuponda. Kabati inapendekeka, mipando inagumuka, iwo n'kutsetsereka mpaka pansi, mwamwayi pa thumba la zovala. Anthu atatha kuseka, dalaivala, bambo wina wa ku Rumphi amene anakhalitsa ku Lilongwe, anawafunsa chimene anakwerera atawaletsa.

"Wandiletsa ndani? Iyeyu wati mungakwere."

"Ayi aphunzitsi, wati musakwere. Kuno akati mungakweranga, mungalutanga, ndiye kukuletsani kumeneko. Musakwere, musapite."

Ababa anali akudzisasa fumbi pa thalauza, ndipo dzanja linaima pabondo. Anafunsa motsitsa, "Nanga munthu akati mungajalanga?"

"Musatseke," anatero dalaivala, n'kupita kukaliza injini.

Tinakhala kutsogolo tonse, mchimwene wanga ali pamiyendo pa Amayi. Tinadutsa minda ya ku Hara, yobiriwira mbali zonse, anthu atawerama m'madzi, ndipo ndinkayang'ana mtsikana aliyense wamfupi. Tinayamba kukwera mapiri. Kenaka Ababa anati, osayang'ana munthu, "Mwana uja anagwada. Anandipempha kawiri." Patapita kanthawi anawonjezera kuti, "Ndipo ine ndinaseka."

Pambuyo pake ndinadzamvetsa chifukwa chake sanangoti yayi, liwu limene tonse tinkalidziwa. Mwana woleredwa bwino sakanatha kuponyera munthu wamkulu ayi wowuma pakhonde pake. Anasankha mawu aulemu, opempha, ndipo ulemu wakewo ndi umene unatisocheretsa. Ababa anayesa kutumiza uthenga kudzera kwa mphunzitsi mnzawo amene anatsala, koma sitinkadziwa dzina la bambo ake ngakhale mudzi wake weniweni. Kwa ife anali Towera wa mkaka basi. Yankho linabwera lakuti a Towera ku Hara ndi ambiri, tinene bwino. Kuyambira pamenepo Ababa anasiya kuonetsa luso pa zilankhulo za eni. Ku Mchinji ngakhale kwina kumene tinakhalako, munthu akawayankha ankafunsanso kuti, "Ndiye mwati nditani?" mpaka anthu ankawayesa ogontha.

Masiku ano zinthu zinasintha. Mpopi wa pa sinki yanga kuno ku Lilongwe utayamba kudontha mwezi wathawu, mmisiri sanavutike n'kuumasula m'kati. Anati ya masiku ano ilibe washa wodula ndi mpeni, ukatha umangotaya wonse, ndipo asanamalize kumwa tiyi anali ataika wina. Madzi otayika amalowa m'paipi ya pansi, palibe mwana angawaone n'kuganiza za munda. Ana anga ali ndi anzawo ochokera m'zigawo zonse ndipo amamvana m'Chizungu, mwina n'kwabwino kutero. Chitumbuka ndinadzachiphunzira ndili wamkulu, kwa anzanga a kuntchito, moti pano ndimachiyankhula anthu n'kumandifunsa kuti kwathu n'kuti kumpotoko.

Ndinadutsako ku Uliwa zaka zingapo zapitazo pa ulendo wa ntchito, ndipo ndinapempha dalaivala kuti aime. Nyumba ija ilipo, kuseri kwake anathira simenti. Pamsika ndinafunsa amayi ogulitsa mpunga, m'chilankhulo chawo chomwe, ngati akudziwa Towera amene ankagulitsa mkaka ali mwana. Anafunsana, anatchula a Towera angapo, wina wokwatiwa ku Uraha, wina anapita ku Tanzania, wina anamwalira. Anandifunsa kuti ndi Towera wa kwa yani, ine n'kungowathokoza n'kubwerera ku galimoto.

Ababa anatisiya kale. Mpunga wa mphasa ziwiri si kanthu, ndikudziwa, ndipo mwina mwini wake anaiwala. Koma ngati sanaiwale, ndiye kuti kwinakwake kuli mayi wa msinkhu wanga amene amakumbukira mphunzitsi woyankhula Chichewa amene anamuitana yekha, n'kumufunsa, n'kumva pempho lake atagwada, n'kumuseka. Ababa anga sanali munthu wotero. Mawu omuuzira zimenezi ndili nawo tsopano, onse, m'chilankhulo chake, koma sindikudziwa khomo lokawanenera.